Masipika Asanu, Chipinda Chimodzi

Phokoso analimva asanafike n'komwe pageti. Make Mapasa anaima, jumbo ya sopo ndi shuga ili m'manja, n'kuganiza kuti mwina kuseri kwaima lole injini ili chilirire. Koma lole siwombera mfuti, ndiponso siimba nyimbo.

Pakhonde la chipinda choyandikana ndi cha Dalaivala panaima mayi wina atanyamula khanda lolira mpaka kusasa mawu.

"Mwachita bwino kubwera," anatero mayiyo. "Kalankhuleni nawoni amuna anuwo. Mwanayu chiyambire dzulo sanatseke chikope."

"Sanakhale amuna anga."

"Ndiye mwayi wothawa mudakali nawo."

Make Mapasa sanaseke. Anali atasita nsalu za kuhotelo kuyambira m'mamawa, miyendo ili yotupa, ndipo mphamvu zosekera nthabwala za anthu analibe.

Nkhani yake ndi Dalaivala inali yosavuta. Iye anali mayi wa atsikana awiri amapasa, amene bambo wawo anasowa anawo asanamere n'komwe mano. Atsikanawo ankakhala kwa agogo awo kutsidya lina la tauni, chifukwa kachipinda kamene mayi wawo ankachita lendi ndi mnzake wakuntchito sikakanakwana anthu anayi. Dalaivala ankayendetsa lole ya buledi, munthu wofatsa, wosamwa, woseka ndi nkhope yonse. Tsiku limene anamufunsira, Make Mapasa ananena chimodzi chokha: "Ine sindikwatiwa kusiya ana anga. Pezani nyumba yoti tonse tikwanemo." Nyumba inapezeka, ya zipinda ziwiri ndi pabalaza. Mwini wake ankafuna lendi yoyambirira mwezi usanathe, ndipo ananeneratu kuti oifuna ndi ambiri. Ndalamazo anasonkha awiriwo, n'kuzisunga kubanki kwa Dalaivala. Ndipo Loweruka likubwerali masana, Dalaivala ankayenera kukaonekera koyamba kwa amayi ake a Make Mapasa, amene mpaka pano ankangomutchula kuti "uja wa lole uja."

Make Mapasa anakankha chitseko, n'kukodwa ndi waya pomwepo.

"Samalani!" anakuwa Dalaivala, n'kudumpha. Koma amene anathamangira kukamuwakha sanali mkazi ayi. Anawakha kabokosi kakuda kamene kanatsala pang'ono kugwa kuchokera pachivundikiro cha ndowa.

"Zimitsani," anatero Make Mapasa.

Atazimitsa, m'makutu munatsala kulira ngati muli udzudzu. Chipinda cha Dalaivala chinali chimodzi, cha bedi, tebulo, kasitovu ndi ndowa yamadzi. Tsopano munali masipika awiri m'mbali mwa TV, ina pansi pake, ina pandowa paja, ina italendewera pamsomali pomwe pankakhala jekete. Pakona panali chibokosi chachikulu chakuda. Malo otsala onse inatenga katoni, yoti munthu wamkulu n'kugonamo.

"Izi n'chiyani?"

"Amati homu fiyeta," anatero Dalaivala, akumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso. "Kanema weniweni, koma wa m'nyumba. Chachikuluchi ndi wufa. Ndiyo imatulutsa besi, mawu ogunda aja."

"Imatulutsanso ndalama?"

Kumwetulira kuja kunachepa.

"Mwagula zingati?"

"Anandichotserako ndithu."

"Sindinafunse zimene anachotsa, a Dalaivala. Ndafunsa zimene anatenga."

Dalaivala anakanda m'mutu, n'kuyang'ana wufa ngati imuyankhira, kenako anatchula mtengowo motsitsa mawu. Make Mapasa sanafunikire pensulo. Inali ndalama ya nyumba ija, kungotsala mwina ya bafa ndi khonde.

"Anakuchotserani ndani?"

"Mnzawo wa achemwali uja, wa kusitolo ya zamagetsi."

Ndiye kuti Zikhadabo. Dzinalo anamupatsa Make Mapasa yemweyo, chifukwa cha zikhadabo zake zazitali zopaka zofiira, zoti sizinakhudzepo madzi otsukira mbale. Achemwali ake a Dalaivala anali atamusankhira kale mtsikana ameneyu mlongo wawo, ndipo sankabisa.

"Tangomverani kaye, amake mapasa," anachonderera Dalaivala. "Mukamva, mundiuze ngati sizikuyenera mtengo wake."

* * *

Make Mapasa anaika jumbo pansi. Iye sagula ketulo asanaigogode, sagula nsapato ya mwana asanaipinde. Ngati chinthuchi chadya nyumba ya ana ake, ndiye achiyeze ndithu.

"Ndikhale pati?"

"Pabedi, pakati penipeni. Ayi, sunthirani uku. Masipika akumbuyo akhale kumbuyo kwanu."

"Kumbuyo kwanga kuli khoma."

"Ndiye weramirani kutsogolo pang'ono."

Anawerama. Dalaivala anaika filimu yankhondo. Helikopita inanyamuka pandowa, n'kudutsa pamwamba pa mutu wake, n'kukatera pamsomali wa jekete. Make Mapasa anatembenuka osafuna.

"Mwaona!" Dalaivala anawomba m'manja. "Mwatembenuka! Ndakuonani!"

"Ndamva. Nanga awiri akulankhulawo akuti chiyani?"

Pa TV panali msilikali ndi mkazi wina, milomo ikugwedera. Mawu awo anali atakwiririka pansi pa kugunda kwa wufa. Dalaivala anakweza. Masipuni anayamba kuvina m'kapu, malata anayamba kulira, galasi losweka la pazenera linanjenjemera ngati ligwa. Kukhoma kunamveka tsache likumenya, kenako khanda lija.

"Tsitsani," anatero Make Mapasa. "Tsitsaninso. Mpaka pomwe mwana uja angagone."

Dalaivala anatsitsa, n'kutsitsanso. Helikopita inasanduka ntchentche.

"Apa ndiye pomwe muzimvera masiku onse. Zikusiyana pati ndi kawailesi kanu kakale?"

Dalaivala anatembenuzatembenuza rimoti m'manja.

"Mwagula mawu oti simungawatulutse. Kuli ngati kugula lole yoti muziyendera kuchoka pabedi kukafika pachitseko."

"Tandipatsani foni yanu," anatero Dalaivala.

"Mukufuna muigulitsenso?"

"Tangondipatsani."

Anailumikiza ku masipika aja, n'kutsegula uthenga wa mawu umene atsikana anatumiza m'mawa wa tsikulo. Mwadzidzidzi wamkulu analankhula m'chipindamo. "Amayi, agogo akuti musaiwale sopo." Kenako wamng'ono, pafupi kwambiri, akupuma ndi pakamwa chifukwa cha chimfine chake chija. "Amayi, dzino langa likugwedera. Musabwere litaguluka kale." Zonse zinamveka, mpaka kamphuno kofwenthera, mpaka kuseka kwa wamkulu chapatali. Make Mapasa anapezeka wayang'ana kuchitseko, ngati anawo alowa.

Apa ndiye panalibe chonama, masipikawo anali abwino. Koma zimenezo sananene.

"Ana anga ndikufuna ndiziwamva ali m'chipinda chinacho, osati m'bokosi."

"Ndalamazo ndibweza ndikalandira malipiro, amake mapasa."

"Eni nyumba adikira kuti mulandire? Kabwezeni zinthuzi."

"Chinthu chotsegula kale angalandire? Ndiponso manyazi ake. Achemwali amva bwanji?"

"Manyazi mumagonamo?"

Foni ya Dalaivala inalira. Anali abwana ake, buledi wa masana ankadikira. Anavala jekete imene inali pansi chifukwa msomali wake unalandidwa, n'kutuluka.

* * *

Akazi ena akakwiya amalira. Make Mapasa akakwiya amakolopa.

Anatsuka mbale, anasesa, anakankhira mawaya m'mbali mwa khoma kuti asaphe munthu. Koma paliponse pomwe ankatembenukira, chikatoni chija chinali pomwepo, chikumugunda m'chiuno. Kwa mayi amene walera ana awiri yekha, katoni yongokhala ndi tchimo. Anaiyang'ana: yolimba, yokhuthala, ya mapepala atatu omatikiza. Anayang'ana bedi. Mathabwa ake anali otalikirana, matiresi opyapyala ankalowa m'mipata, ndipo Dalaivala ankadandaula msana tsiku ndi tsiku. Anayang'ananso zenera losweka lija, lomwe linkalowetsa mphepo yomutsokomoletsa.

Anatenga mpeni.

Mbali zikuluzikulu anaziyala pansi pa matiresi, bedi linawongoka ngati latsopano. Chidutswa china anachidula molingana ndi zenera, n'kuchitsekera bwinobwino. Zoyera zopepuka zija zotchinjirizira katundu anazithyolathyola n'kuzilonga m'thumba pamodzi ndi mapulasitiki. Mwamwayi galimoto ya zinyalala inali ikudutsa mumsewu, ndipo anathamanga nalo thumbalo ndi miyendo yake yotupayo.

Atamaliza, m'chipindamo munali moti munthu n'kupumamo. Mtima wake wokha ndi umene sunasesedwe.

Ali m'basi, foni inanjenjemera. Unali uthenga wa Dalaivala.

"Zikomo pondikonzera m'nyumba."

Sanayankhe.

"Mwakwiya?"

"Ayi," analemba.

"Ndiye kuti mwakwiya."

Anaika foni m'chikwama, n'kutseka zipi.

* * *

Mawa lake, nthawi yopuma masana, m'malo modya anapita kusitolo ya zamagetsi. Ankafuna kumva ndi makutu ake chimene chinapusitsa munthu wamkulu wosamwa mowa.

Zikhadabo anamuona akulowa, n'kumwetulira ndi mano onse.

"Takulandirani, amayi. Mukufuna ayironi?"

"Ayironi ndili nayo, ndipo imandilipirira lendi. Ndikufuna kumva zimene munagulitsa a Dalaivala."

"Aa, achimwene aja! Munthu wodziwa zinthu zabwino. Tiyeni kuno."

Anamulowetsa m'kachipinda ka kumapeto kwa sitolo. Pansi panali kapeti yoti phazi n'kumira, m'makoma makatani olemera, pakati sofa, ndipo kumbuyo kwa sofayo kunali malo oti mwana n'kuthamangako. Pasofapo panakhala Achemwali ake a Dalaivala, botolo la zoziziritsa kukhosi lili m'manja, nsapato atavula.

Make Mapasa anawapatsa moni.

"Alamu, muli bwanji?"

"Ulamu wake unayamba liti?" anatero Achemwali osatembenuka.

Zikhadabo anadina rimoti ndi nsonga ya chikhadabo. Filimu yomweyo, helikopita yomweyo. Koma muno sinagwedeze sipuni ya munthu. Inachokera kutali, n'kuzungulira, n'kuzimirira bwinobwino. Msilikali uja atayamba kulankhula, mawu ake onse anamveka: ankapempha mkazi uja kuti amudikire.

"Tatsitsani," anatero Make Mapasa.

Zikhadabo anatsitsa. Zinamvekabe.

"Ikani nkhani za pa TV."

Wowerenga nkhani anakhala ngati waima pamaso pawo. Make Mapasa anapita pa sipika imodzi, anaigogoda ndi chala, anainyamula kuti amve kulemera kwake, anasuzumira kumbuyo kwa wufa kuti aone ngati pali china chobisika. Ankafunitsitsa atapeza chinyengo. Sanachipeze, ndipo zimenezo zinamupsetsa mtima koposa.

"Ndi zabwino," anavomera. "Mtengo wake ndi womwewo, kwa munthu wokhala ndi kapeti iyi ndi makatani awa. M'chipinda chimodzi cha malata n'kutaya ndalama. Inu mumadziwa komwe amakhala."

"Ndinawauza, amayi, kuti zimenezi zimafuna malo," anatero Zikhadabo mokoma. "Monga pabalaza panga. Ndinawaonetsa chithunzi chake pafoni. Anapakonda kwambiri."

Achemwali anaika botolo pansi.

"Tamverani, mayi. Mlongo wanga wagwira ntchito kuyambira ali mnyamata. Anandiphunzitsa ine sukulu, anaika makolo athu m'manda, sanadzigulirepo ngakhale wotchi. Lero wadzigulira kanthu kamodzi komusangalatsa, inu mwabwera kudzakagogoda ngati mukugula mphika. Chimene mukufuna n'choti thukuta lake lonse lizipita kwa ana a mwamuna wina."

Make Mapasa anatambasula manja ake, okhala ndi zipsera za ayironi.

"Theka la ndalama zimenezo ndinalisita ndi manja awa. Ndipo ana anga anawadziwa asanandifunsire. Sindinawabise m'chikwama."

Anatuluka m'kachipindako asanayankhidwe, n'kulunjika kwa bambo wachikulire wa magalasi amene anakhala pakauntala.

"Bambo, ndinu eni sitolo? Munthu akagula zinthu zija, n'kuona kuti sizikukwana m'nyumba mwake, angabweze?"

"Angabweze, mayi, bola sabata isanathe. Ndalama timabweza zonse." Bamboyo anakweza chala. "Koma zibwere mmene zinapitira. M'katoni yake, ndi zotchinjiriza zake zonse. Popanda katoni sindingagulitsenso ngati zatsopano."

Sitolo yonse inakhala ngati yapendekeka.

"Katoni yake ilipo, eti amayi?" anafunsa Zikhadabo kumbuyo kwake.

"Ilipo," anatero Make Mapasa.

Sananame. Inalipo ndithu.

Atatuluka anakhala pakhonde la sitolo ina, n'kuyang'ana manja ake aja kwa nthawi yaitali.

* * *

Tsiku lotsatira ataweruka anapeza kumdadada kuja kuli zii. Khanda linali mtulo kumsana kwa mayi wake, ndipo mayiyo anamukwezera chala chachikulu.

M'chipinda, jekete inali itabwerera pamsomali wake. Masipika onse anali patebulo, atapukutidwa, mawaya atakulungidwa bwinobwino. Dalaivala anakhala pabedi, manja ali pamaondo.

"Khalani pansi, amake mapasa. Ndiyankhule kaye ine, musandidule."

Anakhala. Analibe n'komwe mawu omudulira.

"Eni nyumba anandiimbira. Akuti pali banja lina labwera ndi ndalama m'manja. Ndawapempha atidikire mpaka Lolemba, avomera monyinyirika." Anapuma. "Ndalakwa. Ndinatenga ndalama zanu osakufunsani. Koma musaganize kuti ndinagulira Zikhadabo wanuyo, kapena achemwali."

"Ndiye munagulira ndani? Khanda la eni ake?"

"Ndati musandidule." Anamwetulira pang'ono, koma sizinakhalitse. "Mukukumbuka tsiku lija ndinakuperekezani kwa amayi, ine n'kutsala pakona? Ndinawaona atsikana. Anaima pazenera la nyumba yoyandikana, akusuzumira kuti aone filimu. Mkatimo mwana wa eni nyumba anawaona, n'kukoka katani. Iwo sanachoke. Anangoima pomwepo, akumvera mawu okha."

Make Mapasa anayang'ana pansi. Zimenezi sankazidziwa.

"Ana aja akandiona amabisala kumbuyo kwanu. Amati amalume a buledi. Bambo wawo sindine, ndipo sindidziwa kuti munthu amayambira pati. Ndiye nditalowa m'kachipinda ka kusitolo kaja, helikopita ija itadutsa, ndinaona nkhope zawo. Ndinati m'nyumba mwathu sadzasuzumiranso pazenera la munthu. Ndimafuna ndilowe m'moyo mwawo ndi kanthu m'manja."

"Mukanalowa ndi kiyi," anatero Make Mapasa, koma mawu ake anali atafewa. "Kiyi wa chipinda chawo. Ana aja chibadwire sanakhalepo ndi chitseko chawochawo. Filimu tikanaonera pa TV yomweyi, tonse anayi, wina atakhala pa ndowa."

Dalaivala anamugwira dzanja, chala chake chikusisita chipsera cha ayironi. Make Mapasa sanalichotse. Anali atatopa, ndipo dzanja la munthuyu linali lofunda.

"Ndiye tibweze lero lomwe," anatero Dalaivala. "Ndafunsa, akuti amalandira, bola zikhale m'katoni. Abwana andibwereka lole. Katoni ija munaiika kuseri?"

Make Mapasa anachotsa dzanja lake.

"Taimirirani."

"Bwanji?"

"Taimirirani, a Dalaivala."

Anaimirira. Make Mapasa anagwira ngodya ya matiresi n'kuinyamula. Pansi pake, chithunzi cha wufa chinawayang'ana, chitadulidwa pakati. Kenako analoza pazenera, pomwe theka la dzina la kampani linatsekera mphepo chadodolido.

Dalaivala anayang'ana bedi. Anayang'ana zenera. Anayang'ananso bedi.

"Nanga zoyera zija?"

"Zinapita ndi galimoto ya zinyalala."

"Zonse?"

"Ndinathamanga nazo."

Mapewa a Dalaivala anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka anagwira khoma, mpaka misozi.

"Ndiye n'chifukwa chake! Ine kudabwa kuti msana wasiya bwanji kupweteka. Ndimati mwina ndi besi!"

"Musaseke! Mukuseka chiyani? Nyumba ikupita!" Mawu ake anasweka. "Ndinabwera kudzakukalipirani kuti mwataya nyumba ya ana anga, ndiye ndaimaliza ndine, ndi mpeni wa anyezi."

Dalaivala anasiya kuseka. Anagwada, n'kuyamba kusolola zidutswa zija pansi pa matiresi, chimodzichimodzi.

"Ndinayamba ndine," anatero. "Kagulenitu tepi. Yambiri."

* * *

Anamata. Anamata m'mbali, anamata pansi, anachotsa cha pazenera n'kuchibwezera pamalo pake. M'malo mwa zoyera zija anaikamo matawulo ndi juzi yakale ya Dalaivala. Atamaliza, katoniyo inkaoneka ngati munthu wochoka kuchipatala atachita ngozi ya njinga. Wufa inakana kulowa, ndiye anaikweza kutsogolo kwa lole, pakati pa awiriwo, Dalaivala n'kuimanga lamba.

Bambo wa magalasi anaizungulira katoniyo, anavula magalasi, anawavalanso.

"Pepani, mayi. Pepani, bambo. Ndikanakonda kukuthandizani. Koma iyi ndingamugulitse ndani?"

"Masipikawo alibe ngakhale kachikanda," anatero Make Mapasa. "Mukugulitsa masipika kapena katoni?"

"Anthu amagula zonse ziwiri, mayi. Ndikalandira, ndilandira ngati zogwiritsidwa kale ntchito. Ndikupatsani theka."

Theka silikanatsegula chitseko cha nyumba ija. Zikhadabo anaima chapatali, akupukuta TV imene inali yoyera kale, ndipo sananene kanthu. Kusanena kanthu kwakeko n'kumene kunamudetsa nkhawa Make Mapasa.

Anakwezanso katundu wawo. Dalaivala anamanganso wufa lamba. Asanalize injini, foni yake inanjenjemera. Anawerenga, nkhope n'kusintha.

"Ndani?"

Anangomupatsa foniyo modutsitsa pamwamba pa wufa. Unali uthenga wa Zikhadabo.

"Achimwene, zandimvetsa chisoni. Masipikawo ndigula ine, pamtengo wonse umene munagulira, katoni sindikuifuna. Koma mudzandilumikizire nokha pabalaza panga, ine mawaya sindiwadziwa. Loweruka masana. Achemwali anu adzaphika."

Make Mapasa anawerenga kawiri. Wogulitsa zamagetsi wosadziwa mawaya. Anasuzumira pagalasi la lole. Pakhomo la sitolo, zikhadabo zofiira zinamubayibitsa pang'onopang'ono.

"Ndikana," anatero Dalaivala. "Loweruka masana ndili kwa amayi anu."

"Mukakana, Lolemba eni nyumba muwapatsa chiyani? Wufa?"

"Ndiye ndivomere?"

"Mukapanda kufika kwa amayi, dzina lanu likhala uja wa lole uja mpaka kumanda. Abwereka kale mipando. Atsikana akuchapa madiresi awo a kutchalitchi."

"Ndiye nditani, amake mapasa?"

Make Mapasa anatseka maso. Miyendo inkamupweteka, m'mimba munalibe kanthu chiyambire m'mawa, ndipo zala zake zinali zomata ndi tepi. Anaona chipinda chaching'ono cha nyumba ija, chopanda kanthu, chokhala ndi chitseko chake.

"Lembani. Muwauze kuti tibwera Loweruka m'mawa, awiri. Inu mukalumikiza mawaya, ine ndikakugwirirani makwerero. Akapereka ndalama, ife tizipita kwa amayi."

Dalaivala analemba. Anadikira, maso onse anayi ali pakagalasi ka foni. Yankho silinachedwe.

"M'mawa ndili kuntchito. Masana basi. Ndipo achemwali anu akuti mubwere nokha, ali ndi nkhani ya pabanja yoti akambe nanu. Ngati n'zovuta, palibe kanthu, masipikawo ndi anu."

Dalaivala anatsegula pakamwa, koma asananene kanthu, m'chikwama cha Make Mapasa munalira foni. Anaitulutsa. Pagalasi panalembedwa kuti Amayi.

Anayang'ana Dalaivala. Kuti amuone bwino anachita kusuzumira, chifukwa pakati pawo panakhala wufa, itamangidwa lamba ngati mlendo wolemekezeka.

Foni inapitiriza kulira. Iyo inkamveka bwinobwino, popanda sipika ina iliyonse.